Mwala kapena fupa?

Mwala wofanana kwambiri ndi fupa kawirikawiri umakhala mwala basi. Ili ndi phunziro loyamba kwa ife oyenda m'zigwembe za ku Karonga kufunafuna mafupa amakedzana amene anasanduka miyala. Madzi ndi mchenga ndi amisiri achinyengo. Amasema mwala mpaka kuoneka ngati dzira, bondo kapena chigaza, pamene fupa lenileni lili phee pambali, kachibenthu kosaoneka bwino.

Ine ndikatola kanthu ndimayamba kuyang'ana pamene pathyoka. Fupa, ngakhale ligone m'nthaka zaka mamiliyoni, m'kati mwake mumakhala timabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo kunja kumakhala timizere tolowera kumodzi ngati nkhuni yowaza. Mwala wamba m'kati ndi kunja n'chimodzimodzi. Kenaka ndimaliyesa m'dzanja. Limalemera kuposa fupa la ng'ombe yofa chaka chatha, poti madzi a pansi anasiya tizidutswa ta mwala m'timabowomo. Ndikakayikabe ndimaligunditsa kulilime. Musaseke, abale. Fupa limakakamira pang'ono chifukwa timabowo timayamwa malovu, ngakhale dongo louma nalo limatero. Umboni umodzi sukwanira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina mukuti, nanga kuvutikiranji? M'chaka cha 1991, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ku Uraha, ya kholo la munthu lotchedwa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. N'kanthu kokwana m'chikhatho. Ku Mwakasyunguti kunatuluka mafupa a chinyama cha khosi lalitali chimene chinatchedwa Malawisaurus mu 1993, cha zaka zoposa 100 miliyoni. Chifaniziro cha mafupa ake chaima m'nyumba ya mbiri yakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.

Fupa lotere ukalizindikira usaliike m'thumba. Dothi limene lagonamo ndi mano a nyama zina zopezeka pafupi ndizo zimanena zaka zake. Likachoka pamenepo lasanduka mboni yopanda mudzi. Ika chizindikiro, ukauze a zofukulafukula.

Nkhawa yanga ili pa anyamata oweta ng'ombe m'zigwembezi, amene maso awo ndi akuthwa kuposa a mphunzitsi aliyense wa ku yunivesite. Tikapanda kuwaonetsa timabowo tija, dzino la kholo lathu lidzathera pa legeni, kugendera njiwa.