Kamwala ka azakhali

Azakhali atabwera kuchokera ku Johannesburg pa tchuthi cha Disembala, anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kunditambasulira kansalu. Munali kamwala kapinki, kosalala, kozizira m'manja. "Mwana wanga, aka ndi rose quartz. Ukakaike pansi pa pilo wa alamu anga, mtima wawo ukhazikika." Amayi akudwala BP chaka chachinayi tsopano, ndipo azakhali anakagula ndi ndalama yomwe anaivutikira pochapira ndi kukolopera anthu. Ndinalandira ndi manja awiri. Koma pansi pa pilo sindinakaike. Ndinabwera nako kuno kusukulu m'thumba la jekete.

Ku labu ndinayamba ndi zimene tingathe kuyesa. Kamwalaka ndi silicon dioxide, chinthu chomwechi chimene chadzaza mchenga wa kumtsinje. Pa sikelo ya Mohs kulimba kwake ndi 7, ndipo nditakakhukhuza pa botolo kanasiya mzere, iko osakandika. Upinkiwo umachokera ku tiulusi ting'onoting'ono ta mchere wina wofanana ndi dumortierite, tosaoneka ndi maso. Amakumba wambiri ku Brazil ndi ku Madagascar, komanso konkuno ku Mzimba. Ndinaseka ndekha: mwina kanachoka kwathu konkuno, n'kukakwera mtengo ku Joni, n'kubwereranso pa basi.

Mphamvu ilimo, sindikana. Mu 1880 Jacques ndi Pierre Curie anapeza kuti quartz akapanikizidwa amatulutsa timagetsi. N'chifukwa chake kachidutswa kake m'wotchi, kakalandira moto wa batire, kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Koma pilo si batire, ndipo mtima si wotchi. Ogulitsa amati ndi mwala wa chikondi, wochiza mabala a mumtima. Christopher French wa ku Goldsmiths ku London anapatsa anthu 80 miyala, ina yeniyeni ina yagalasi, ndipo ogwira galasiwo ankanenanso kuti akumva kutentha ndi kunyerenyetsa.

Zonsezi ndinazidziwa, komabe sabata ya mayeso, usiku womwe mlongo wanga anaimba kuti amayi agonekedwa kuchipatala, ndinadzipeza ndakafumbata mpaka mbandakucha. Ine ndemwe, amene ndimatsogolera nyimbo pa Sukulu ya Sabata, amene ndinkadzudzula agogo chifukwa cha chithumwa cha m'chiuno mwa mwana. Chawo chinali chakuda, chosokedwa ndi sing'anga. Changa chinali chokongola, cha dzina lachizungu. Kusiyana kwina sindinakupeze.

M'mawa ndinawerenga za Hezekiya pa 2 Mafumu 18. Njoka yamkuwa ija anaipanga Mose molamulidwa ndi Mulungu, koma anthu atayamba kuifukizira zonunkhira, mfumuyo inaiphwanya. Mwalawu nawonso ulibe mlandu. Miyala khumi ndi iwiri inali pachifuwa cha Aroni. Vuto linali m'dzanja langa, lomwe usiku wonse silinatambasuke kuti lipemphere.

Amayi anatuluka patapita masiku atatu. Zinapezeka kuti anali atadumphitsa mapilitsi kwa milungu iwiri chifukwa chosowa ya thiransipoti yokatengera ena. Kamwalako ndinakasiya ku labu, m'bokosi la miyala yophunzirira, nditalembapo dzina lake ndi nambala 7.

Chandivuta ndi azakhali. Dzulo atumiza uthenga pa WhatsApp kuti, "Waona? Kagwira ntchito." Ndalemba yankho katatu n'kufufuta. Ndikufuna kuwapempha kuti ulendo uno atumize ya mapilitsi, koma mawu osawachititsa manyazi sindinawapezebe.