Mbuzi za Malume ndi Madola a pa Intaneti

Tchuthi chathu choyamba chilowereni ku koleji tinachithera kwathu kwa Ndamera, kumunsi kwenikweni kwa boma la Nsanje, komwe ukangoyenda pang'ono wafika pa Marka, ndipo foni imayamba kukulandira ku Mozambique usanawoloke n'komwe malire. Tinafika ndi chikwama cha zovala, mabuku awiri a zauphunzitsi omwe sitinawatsegule mpaka tsiku lobwerera, ndi maganizo amodzi omwe anali atatigwira mutu: tizilemba pa intaneti, anthu akunja azitilipira madola.

Maganizowa sanali athu okha. Kumalo ogona kuno ku koleji anzathu ambiri amaonera mavidiyo a pa YouTube a anthu omwe amati analemera ndi copywriting, ntchito yolembera ena mawu otsatsa malonda: uthenga wa pa Facebook, kalata yokopa ogula, mawu ofotokoza katundu m'sitolo ya pa intaneti. Ife tinati imeneyi ndiye yathu. Ku sekondale ya mpingo komwe tinaphunzira, chimangirizo chinali ndiwo yathu ya tsiku ndi tsiku, ndipo aphunzitsi a Chingerezi ankakonda kutiimika kutsogolo kuti tiwerengere kalasi zomwe talemba. Komanso kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti aliyense wodziwa masamu ankaona kuti madola khumi okha akwanira sopo, shuga ndi bando ya sabata. Mumtima tinkati fizi ya chaka chachiwiri tilipira tokha, amayi apumeko.

Kutsegula akaunti pa Fiverr ndi pa Upwork sikunavute. Chovuta chinali zonse zotsatira. Pa Fiverr, pa madola 100 aliwonse omwe wapeza, 20 amatsala kwa eni tsamba. Pa Upwork umagwiritsa ntchito timatikiti totchedwa connects kuti ufunsire ntchito, ndipo tikatha umagula tina, ntchito usanaipeze. Patsogolo pako pamzere pali alembi a ku Philippines, ku India, ku Kenya ndi ku Nigeria omwe ayamikiridwa kale ndi makasitomala mazanamazana, iwe ulibe ngakhale nyenyezi imodzi. Ndiye palinso ChatGPT, yomwe inabwera kumapeto kwa 2022: munthu wofuna ziganizo zisanu zotsatsira sopo wake amazipeza madzi a tiyi asanawire.

Onjezerani apo za kwathu. Foni tinkatchajitsa pagolosale ina yokhala ndi sola. Dzuwa la m'chigwa likafika paliwombo, foniyo inkatentha ngati mbatata yootcha n'kuyamba kuzima yokha, choncho tinkalemba m'bandakucha kapena usiku udzudzu ukutiimbira. Mawu 500 a Chingerezi, zala ziwiri zokha, pagalasi long'aluka. M'masabata asanu ndi limodzi tinapeza ntchito imodzi ya madola asanu. Anatsala anayi, ndipo titawerengera zomwe zidulidwe panjira kuti afike mufoni yathu ngati makwacha, tinangowasiya komweko. Akulu sananame kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kasitomala wathu woyamba weniweni anali malume. Anatipeza tsiku lina pansi pa mtengo wa nimu tikulimbana ndi foni.

"Mphwanga, amayi ako akuti umalemba zamalonda. Ndilembere za mbuzi zanga. Pali gulu la pa WhatsApp la mavenda a ku Blantyre, ndikufuna aone."

Tinasangalala. Apa ndiye panali poonetsera zonse zomwe tinaphunzira m'mavidiyo aja: yamba ndi mutu wogwira maso, mulonjeze wogula phindu, muopseze kuti akachedwa aphonya. Tinalemba kuti mbuzi zonenepa kuposa zonse m'chigwa cha Shire zapezeka, zathanzi lokhalokha, zatsala zochepa, fulumirani lero lomwe. Tinawawerengera monyadira.

Malume anakhala chete kanthawi, akukanda chibwano. Kenako anafunsa kuti, "Kuposa zonse m'chigwa, unaziona liti zonsezo? Za ku Bangula unaziyeza?" Tinayankha kuti ndi mmene amalembera malonda, palibe amene amazitenga ngati lumbiro. Iwo anapukusa mutu. Anatikumbutsa kuti wogulayo atsika chitunda cha Chikwawa ndi lole yobwereka, adutsa Nchalo, Ngabu, Bangula, Tengani, pa boma, mpaka kufika kwathu kuno, mafuta akupsa njira yonseyo. Akafika n'kupeza kuti msoti umodzi ukutsimphina ndipo tonde wina ndi wowonda, sadzangobwerera chabe. Adzalemba m'gulu lomwelo, ndipo dzina lomwe lidzatchulidwe si la mlembi ayi.

Ndiye anatiuza zolemba, ife n'kumangotayipa ngati kalaliki wa kwa mfumu. Mbuzi zilipo 9: atonde awiri, misoti isanu, zobereka kale ziwiri. Umodzi mwa misotiyo unavulala mwendo wakumbuyo, mtengo wake ndi wotsika. Mtengo wa iliyonse. Lole imafika mpaka pakhola ngati mvula sinagwe. Wofuna kuona kaye atumiziridwa vidiyo. Basi. Kwa ife zinkaoneka zouma ngati chidziwitso cha pachipatala. Chomwe tinawonjezera chathu n'kungoika chiwerengero ndi malo pamzere woyamba, kuti munthu wothamanga asavutike kufufuza, ndi kujambula mbuzizo m'mawa kuwala kusanachuluke. Pasanathe sabata zinapita zonse kupatula wotsimphina uja. Malume anatipatsa K5,000, n'kunena mwachisena kuti "takhuta". Inali ndalama yoyamba ya zolembalemba yomwe tinaigwira m'manja.

Tikanakonda kunena kuti phunziro la mbuzi linatilowa tsiku lomwelo. Silinatilowe. Tinkaonabe kuti za malume ndi zakumudzi, ntchito yeniyeni ili kumadola.

Ndipo madolawo anabweradi. Bambo wina wa kunja, yemwe anaona pambiri yathu kuti ndife a ku Nsanje, anatilembera kuti ali ndi kabungwe kothandiza anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira, ndipo akufuna tsamba lopemphera thandizo. Malipiro: madola 80. Tinawerengera makwacha ake kangapo konse, mtima ukugunda. Anafotokoza bwino chomwe ankafuna. Anthu sapereka ndalama chifukwa cha ziwerengero, anatero, amapereka chifukwa cha nkhope imodzi ndi dzina limodzi. Tipeze mayi mmodzi, tifotokoze nkhani yake, titumize ndi chithunzi.

Nkhani zotere kwathu sitichita kufuna ndi nyali. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, anthu oposa 600 anafa m'dziko muno, ndipo kumunsi kuno madzi anatenga nyumba, minda ndi ziweto za anthu omwe anali asanachire ku Ana wa mu 2022 ndi Idai wa mu 2019. Mayi wina woyandikana nafe, yemwe anatibereka kumsana tili khanda, nyumba yake inagwa, mbuzi zinapita, dimba linakwiririka ndi mchenga. Anakhala milungu ingapo pamsasa wa pasukulu ya pulayimale, ndipo njala itakula m'miyezi yotsatira, banja lake linadyako nyika zokumba m'dambo. Zonsezi n'zoona, ndipo tinazilemba.

Bamboyo anayankha kuti nkhaniyo ndi yabwino koma siliza. Anapempha tichotse ndime yonena kuti mayiyo analandirako chimanga cha thandizo ndi kuti anthu a kumpingo kwawo anamuumbira njerwa. Tilembe kuti palibe amene anamuyang'anako. Tilembe kuti ana ake amagona ndi njala usiku uliwonse mpaka lero. Nyumba yatsopanoyo isaoneke pachithunzi, aime pabwinja.

Abale, tinalemba. Lachinayi usiku tinakhala pamkeka n'kulemba zonse momwe anafunira, ndipo kunena zoona inatuluka bwino kuposa chimangirizo chilichonse chomwe tinalembapo. Tinadziuza kuti njala ilipodi kwa Ndamera, kuti ngati si mayi ameneyu ndi wina, kuti ndalamazo zithandiza anthu. Zifukwa zimabwera mosavuta fizi ikakhala pakhomo.

Chinatsala ndi chithunzi. Lachisanu m'mawa tinapita kwa mayiyo, tinamupeza akusankha mbewu ya mbatata. Tinafotokoza, n'kunena kuti tiwawerengere kaye zomwe talemba. Popeza Chingerezi samva, tinayenera kumasulira m'Chisena chiganizo ndi chiganizo, iwo akutiyang'ana kumaso. Apa m'pamene zinativuta. Mawu omwe ankayenda myaa m'Chingerezi ankakakamira pakhosi. Titafika poti palibe amene anawathandiza, tinadumpha. Titafika pa ana ogona ndi njala, mwana wawo wamng'ono anali pomwepo akudya phala, tinadumphanso. Tinamaliza msanga modabwitsa, nkhani ya tsamba lathunthu yatha ngati moni.

Iwo anafunsa mafunso awiri okha. Loyamba: "Mwana wanga, ndalama zimenezo zidzafikira kwa yani?" Tinalibe yankho, chifukwa sitinafunse. Lachiwiri linatipweteka kwambiri: "Nanga za mbatata zangazi bwanji sunalembe? Chaka chatha ndinakolola matumba, ena ndinakagulitsa pa Marka." Sanakwiye. Ankangodabwa kuti munthu wophunzira wasiya chinthu chofunika chotere.

Tinabwerera kunyumba chithunzi osajambula. Masana amenewo tinatumiza nkhani yoyamba ija, yoona, titawonjezeramo mbatata, pamodzi ndi mafunso athu: kodi bungwe lanu linalembetsedwa ku NGORA, ofesi yoyang'anira mabungwe omwe si aboma m'dziko muno? Mukugwira ntchito ndi ndani kuno ku Nsanje? Mayiyu adzalandira chiyani? Dzuwa likulowa kwathu, kwa iye kunali kudakali m'mawa, tsiku la ntchito litangoyamba. Tinazimitsa foni Sabata n'kulowa. Tisanamizire uzimu womwe tinalibe: pa Sukulu ya Sabata m'mawa mwake thupi linali pabenchi koma mutu unkawerengabe madola 80. Titayatsa foni Loweruka usiku tinapeza uthenga waufupi woti ntchitoyo wapatsa wina yemwe amayankha msanga.

Mpaka lero sitinganene kuti bamboyo anali wakuba. Mwina analidi ndi mtima wothandiza, ndipo anangophunzira m'mavidiyo omwewo omwe ife tinaonera kuti misozi ndiyo imatsegula zikwama. Mwinanso tsamba lakelo lilipo kwinakwake, lili ndi nkhope ya mayi wina wa ku Makhanga kapena kwa Nyachikadza. Chomwe tikudziwa n'chakuti fizi inapereweradi, ndipo msoti wotsimphina uja, utachira, ndi womwe unagulitsidwa kuti tikwere basi ndi kulipirako gawo loyamba. Malume anati ndi ngongole, osati mphatso, ndipo analemba m'kope lawo.

Kuchokera pamenepo bizinesi yathu yakula, ngati kukula n'kumeneku. Tili ndi makasitomala asanu ndi awiri, onse a m'chigwa kapena ochokera kumeneko. Telala wa pa Marka yemwe amasoka mayunifolomu, mayi wogula chitowe kwa alimi, mnyamata wokonza mafoni pa boma, aphunzitsi awiri ophunzitsa ana patchuthi, malume, ndi venda uja anagula mbuzi, yemwe anafunsa yekha kuti analemba uthenga uja ndani. Timalipiritsa pakati pa K2,000 ndi K5,000 pa uthenga, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, theka poyamba, theka ntchito ikatha. Zoyamba ndi theka tinaziphunzira titalemberapo munthu mauthenga atatu iye n'kuzimitsa foni. Lachisanu masana timawauziratu onse kuti tipezekanso Loweruka dzuwa likalowa, ndipo palibe amene anadandaulapo. A kwathu amadziwa kale kuti a Sabata ndi otero.

Chomwe amatilipirira kwenikweni si Chingerezi chathu chija. Ndi chakuti tikhoza kulemba uthenga umodzi m'Chichewa cha venda wa ku Limbe, n'kuulembanso m'Chisena cha mlimi wa ku Lulwe, ndipo timadziwa kuti kwa mlimiyo ndi bwino kutumiza mawu ojambulidwa chifukwa si onse amawerenga. Timadziwa kuti wogula chitowe ayenera kutchula tsiku lomwe sikelo ifike ndi ngati akulipira pompopompo, apo ayi palibe amene anyamule thumba. M'kalasi la njira zophunzitsira amatiuza kuti phunziro liyambire pa zomwe mwana akudziwa kale. Uthenga wa telala umayambanso chimodzimodzi, pa kholo lomwe likudziwa kuti sukulu itsegulidwa Lolemba ndipo yunifolomu ya chaka chatha yafupika.

Anzathu ena kuno, atamva kuti timalemba molipiritsa, abwerapo usiku kudzapempha kuti tiwalembere asayimenti. Amalonjeza ndalama yoposa ya telala. Timakana, ngakhale kuti sabata ina tinakana m'thumba muli K700 yokha ndipo tinagona tikudzitcha opusa.

Akaunti za madola zija sitinatseke. Madola anayi aja adakali komweko, ndipo nthawi zina timafunsirabe ntchito zomasulira, poti alembi a Chisena pa intaneti si ambiri. Ngongole ya malume tabweza theka. Dzulo madzulo atumiza mawu ojambulidwa, kumbuyo kukumveka mbuzi zikulira: ziliponso zisanu ndi imodzi zoti zipite Khirisimasi isanafike, ndipo tisaiwale kulemba kuti ina ili ndi diso limodzi.