Chifukwa chake sindigulitsa Land Rover ija



Pali funso limene lakhala likundipeza kuchokera mbali zonse, makamaka kwa ana anga ndi azilamu anga: bwanji osagulitsa chigalimoto chakalechi n'kugula ina yabwino yochokera ku Japan? Ena afika ponena kuti adzasonkha ndalama zoonjezera. Ndikudziwa kuti funsoli likuchokera m'chikondi, choncho sindilinyoza. Ndaona kuti n'kwabwino ndiyankhe pano kamodzi, kuti amene ali ku Johannesburg ndi amene ali kumudzi amve mawu amodzi.

Poyamba tiidziwe galimoto imene tikukambayi. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam m'chaka cha 1948, ndipo inkapangidwa ku Solihull, m'dziko la England. Nkhondo yachiwiri itangotha chitsulo chinali chosowa ku Britain, motero thupi lake analipanga ndi aluminiyamu. Ichi n'chifukwa chake thupilo silichita dzimbiri, pamene chasisi cha pansi, chomwe n'chachitsulo, chimafuna kuchiyang'anira mvula ikangotha. Yangayi ndi ya mtundu wa Series III, umene unayamba kutuluka mu 1971. Akuluakulu anzanga mukukumbukira kuti a DC, apolisi, alangizi a zaulimi ndi a chipatala ankafika m'midzi mwathu pa galimoto zotere, nthawi imene misewu yambiri inali yafumbi. Mbumba ya galimotozi inapitirira pansi pa dzina lakuti Defender mpaka mu Januwale 2016, pamene yomaliza inatuluka m'fakitale.

Zimene mumaidandaula n'zoona. Imamwa mafuta kwambiri. Chiwongolero chake n'cholimba, chofuna mphamvu za m'manja. Masipiring'i ake ndi a zitsulo zosanjikiza, kotero kuti mwala uliwonse umaumvera mumsana. Pamene yagona sipalephera kadontho ka oyilo, ndipo pa msewu wa tala maminibasi onse amaipitirira. Zonsezi ndinazivomera kalekale, pajatu walira mvula walira matope.

Tsono imvani ntchito imene imagwira m'banja mwathu. Sukulu zikatsekera, chakumapeto kwa Julaye kapena mu Ogasiti, timainyamulitsa mahema, mphasa, mabulangete, mbaula, ufa, nyemba, usipa ndi zigubu za madzi ndi mafuta, n'kulunjika ku Nyika. Timatsata msewu wa M1 kudutsa Kasungu, Jenda ndi nkhalango ya Chikangawa, n'kugona ku Mzuzu. M'mawa mwake timadzera ku Ekwendeni mpaka ku Rumphi, kumene timadzaza thanki ndi zigubu zonse, pakuti kumtunda kulibe pogula mafuta. Kuchoka pa Rumphi kudzera ku Bolero ndi pachipata cha Thazima mpaka ku Chelinda ndi mtunda wopitirira makilomita 100, ndipo mtunda umenewu umatidyera gawo lalikulu la tsiku. Penapake msewuwo umayenda m'malire a dziko lathu ndi Zambia.

Apa m'pamene galimotoyi imaonetsa chimene anaipangira. Pambali pa giya pali timitengo tiwiri, kena ka mutu wachikasu, kena ka mutu wofiira. Ukakanikiza kachikasu, matayala onse anayi amayamba kukoka. Ukaima n'kukokera kumbuyo kofiira, galimoto imalowa m'magiya amphamvu, ndipo imakwera chitunda pa liwiro la munthu woyenda pansi, osatsetsereka. Potsikanso timadalira giya yomweyo, chifukwa mabuleki ake akatentha amafooka. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, injini imachepa mphamvu, ndipo woyendetsa wopupuluma amangoitopetsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyika ndi paki yaikulu koposa zonse m'Malawi muno, ndipo inakhazikitsidwa mu 1965. Mbali yaikulu ili pamtunda woposa mamita 2,000, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Kumeneko diso limaona zitunda za udzu zotsatizana mpaka kumene mitambo yatsikira. Mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimadya poyera, ndipo usiku fisi amamveka chapafupi. Pa Chelinda pali nkhalango ya paini ndi madamu a madzi ozizira. Kuzizira kwake sikwamasewera: m'miyezi ya Juni ndi Julaye udzu umatha kudzuka utayera ndi chisanu. Tikafika, aliyense amadziwa ntchito yake dzuwa lisanalowe. Anyamata amakhoma zikhomo za mahema, atsikana amatunga madzi, mayi awo a ana amasonkha moto, ine ndimatsegula boneti kuona madzi, oyilo ndi lamba wa fani. Amene wachita ulesi masana amagona ndi mphepo usiku, ndipo safunikanso wina womulalatira.

Mwina mudzati galimoto yatsopano ingathenso kufika ku Chelinda, mwinanso msanga. N'zoona, ndipo zambiri zimafika. Koma taganizani za m'kati mwa yakaleyi. Mipando yake yakumbuyo inayang'anizana, mawondo amagundana, wailesi mulibe, ndipo foni ikadutsa Thazima imasowa netiweki m'malo ambiri. Adzukulu anga obadwira m'tauni, amene kunyumba aliyense amakhala atawerama pa foni yake, amakhala maola ambiri akuyang'anana kumaso. Poyamba amanyinyirika. Kenaka amayamba kufunsa dzina la mtsinje, la phiri, la mtengo. Pofika pamoto usiku amakhala akufunsa za agogo awo amene sanawaone, za kumene mtundu wathu unachokera, za chifukwa chimene wakuti timamutcha malume pamene wakuti ndi bambo aang'ono. Mwana amene Chichewa chimamuvuta amabwerako ataphunzira mawu ambiri kuposa amene amatola chaka chonse. Zinthu zimenezi sindinazionepo zikuchitika paulendo wa maola awiri, magalasi atatsekedwa, aliyense ali ndi zomvera m'makutu.

Chinanso n'chakuti galimotoyi imalola kuti munthu aidziwe. Mulibe kompyuta. Ikadwala, sipanala, waya, jeke ndi kuleza mtima zimakwanira nthawi zambiri. Tayala likaphwa pakati pa tchire, wina amaika mwala, wina amapopa jeke, wina amasunga manati kuti asatayike mu udzu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mwana amene wagwirapo ntchito yotere amaleka kuona mavuto ngati chinthu choitanira munthu wina.

Nkhawa yanu ya ngozi ndaimva, ndipo ndi yoyenera. Galimotoyi ilibe zotetezera zimene zili m'galimoto zamakono. N'chifukwa chake sitiyenda usiku, sitithamanga, sitinyamula anthu opitirira mipando, ndipo tisananyamuke makaniko amaona mabuleki, matayala ndi chiwongolero. Nyengo ya mvula sitikwera ku Nyika ndi ana, ngakhale kuti ndiyo nthawi imene maluwa a kumeneko amakongola koposa. Tsiku limene maso anga kapena manja anga adzayamba kufooka, ndidzapereka kiyi kwa wina popanda kukangana.

Nkhawa yanga ine ili pena. Amakaniko odziwa galimoto zimenezi akukalamba, monga ndikukalambira inemu, ndipo achinyamata ambiri m'magalaja anazolowera zamakono. Ngati m'banja mwathu simupezeka wophunzira kuisamala, idzathera pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo maulendo aja adzathera pomwepo.

Choncho pempho langa ndi ili. Ndalama zimene mumafuna kusonkha zisungeni, kapena muthandizire mafuta a ulendo. Chimene ndikufuna kwa inu ndi masiku. Pemphani tchuthi kuntchito nthawi ikadalipo, tumizani ana, ndipo ngati n'kotheka bwerani nawo. Pakati pa adzukulu ndi ana a alongo anga, ndikufuna mmodzi kapena awiri, mnyamata kapena mtsikana, oti azibwera Loweruka kudzadetsa manja pamodzi nane ndi makaniko wathu. Amene adzaphunzire kuikonza ndiye adzaitenge ine ndikadzatopa.

Amene mukufuna malo pa ulendo wa chaka chino mundiuze msanga, mipando ndi yowerengeka. Musaiwale juzi, chipewa ndi bulangete lachiwiri.

Khalani bwino nonse, ndipo mupereke moni kwa ana.