Ragù, Msuzi Wosafuna Phuma

Ndine wophika, ndipo ndimagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ya zakudya za ku Italy mumzinda wa Cape Town. Pa zakudya zonse zimene zimadutsa m'manja mwanga, chimene ndimachipatsa ulemu waukulu ndi msuzi wa nyama wothira pa pasta, umene eni ake ku Bologna amautcha ragù. Ambiri akamva za msuziwu amaganiza za tomato wambiri wofiira, nyama yogaya ikuyandama m'menemo. Ku Bologna si mmene zilili. Kumeneko mwini poto ndi nyama, tomato amangobwera kudzathandiza. Ntchito yonse ndingaifotokoze mwachidule motere: chigawo choyamba ndimakhala ndikuthamangitsa madzi m'poto, chigawo chachiwiri ndimawabwezera pang'onopang'ono. Wodziwa nthawi yochotsa madzi ndi nthawi yowabwezera, ameneyo wadziwa ragù.

Anthu a ku Bologna, m'chigawo cha Emilia-Romagna, amausunga msuziwu ngati chuma cha mzinda wawo. Pa 17 October 1982 bungwe la Accademia Italiana della Cucina linakasungitsa kaphikidwe kake ku ofesi ya zamalonda ya mzindawo, ndipo mu 2023 linakakonzanso. Kaphikidwe ka 2023 kamafuna magalamu 400 a nyama ya ng'ombe yogaya mosalalitsa, magalamu 150 a pancetta, imene ndi nyama yonona ya pamimba pa nkhumba, anyezi, karoti ndi selari magalamu 60 chilichonse, tambula imodzi ya vinyo, magalamu 200 a tomato wosefa, supuni imodzi ya tomato wokandapala, msuzi wa mafupa, ndi tambula ya mkaka kwa woufuna. Adyo mulibe, ufa mulibe. Taonani kuchepa kwa tomato pomuyerekeza ndi nyama. Ndipo kale ankachepa kuposa pamenepa. Pamene Pellegrino Artusi ankasindikiza buku lake la zophikaphika mu 1891, makaroni ake a ku Bologna analibe tomato ngakhale dontho. Mbewuyi inachokera ku America, inafika ku Italy m'zaka za m'ma 1500, koma inatenga zaka mazana kuti ikhazikike m'mapoto a kumpoto kwa dzikolo.

Ragù wabwino amayambira ku butchala. Nyama yofewa yopanda mafuta, imene anthu amailimbirana pofuna yowotcha, kuno siithandiza. Ikakhala pamoto maola awiri imauma, n'kumangonyenyeka mkamwa popanda kukoma. Ine ndimafuna nyama ya ziwalo zimene ng'ombe imazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ya paphewa, pakhosi ndi pachifuwa. Kale ku Bologna ankakonda cartella, mnofu wopyapyala wa mkati umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Nyama zotere zili ndi timitsempha toyera tolimba, todzaza ndi kolajeni. Kolajeniyo akakhalitsa pamoto wochepa amasungunuka, n'kupatsa msuzi thupi. Amene anadyapo mang'ina ophikidwa bwino amadziwa mmene msuzi wake umamatira milomo. Ndi mphamvu yomweyo imene ndimaifuna mu ragù. Ndimapempha kuti nyamayo aigaye kamodzi kokha, pa sefa ya mabowo akuluakulu. Ikagayidwa kawiri imasanduka phala, ndipo mano a wodya sapeza chogwira. Makina akasowa, mpeni wakuthwa ndi thabwa zimakwanira, ndipo eni ake a ku Bologna amavomereza nyama yodula pamanja.

Kenako ndimakhala pathabwa ndi anyezi, karoti ndi selari. Zitatuzi zikakazingidwa pamodzi Ataliyana amazitcha soffritto, ndipo ndiye maziko a msuzi wonse. Ndimazidula ndi mpeni, tizidutswa ting'onoting'ono tofanana, kuti zipsere limodzi ndi kusungunukira mumsuzi osaonekanso. Makina odulira sindiwalola pa ntchito imeneyi, chifukwa amafinya anyezi n'kumutulutsa madzi, ndipo m'malo mokazingika amayamba kuwira. Anyezi amabweretsa kutsekemera, karoti amawonjezera, selari amabweretsa kafungo kobiriwira kamene kamaletsa kutsekemerako kupitirira muyeso.

Poto amafunika wolemera pansi, wotakata, kuti nthunzi izipeza pothawira. Choyamba kulowamo ndi pancetta yoduladula, ndi mafuta a olivi pang'ono, pamoto wochepa. Ndimaidikira isungunuke mpaka mafuta ake atayenderera pansi ponse. Pamenepo ndiye ndimathira masamba aja. Apa madzi oyamba amayamba kuchoka. Sindifuna anyezi afiire kapena ade m'mbali, chifukwa akangopserera kuwawa kwake kumatsala mpaka m'mbale. Ndimafuna afote, aoneke ngati akuwala, fungo lake loluma m'maso lisanduke lonunkhira. Zimatenga mphindi khumi kapena kuposerapo, mthiko uli m'manja.

Tsopano pamabwera mphindi zimene zimasiyanitsa wophika ndi wongotenthetsa chakudya. Ndimakweza moto n'kuthira nyama. Ikangogwa m'poto imatulutsa madzi ambiri, imatuwa, ndipo poto amalira kuti fwaa, nthunzi ili tolo. Wophika wa phuma amaona kuti kufiira kwa magazi kwatha n'kuganiza kuti nyama yapsa, basi n'kuthira tomato. Pamenepo nyama imakhala ikungowira m'madzi ake omwe. Madzi akakhalapo, kutentha m'poto sikupitirira madigiri 100, pamene kufiirira kumene kumabala fungo la nyama yokazinga kumayamba bwino pa madigiri pafupifupi 140. Asayansi amakutchula kusintha kumeneku ndi dzina la Louis-Camille Maillard, Mfalansa amene anakufotokoza mu 1912. Ine ndimakudziwa ndi khutu. Madzi akaphwera, kulira kwa poto kumasintha: fwaa uja amatha, mafuta amayamba kuthetheka, the-the-the, ndipo fungo limasintha nthawi yomweyo, limalemera. Pansi pa poto pamayamba kumata nkhoko yofiirira. Nkhoko imeneyi ndiyo chuma cha msuzi. Ikhale yofiirira, isade. Ikada, poto yense wawonongeka.

Mnyamata watsopano akabwera kudzaphunzira, ndimamuimika chafufumimba, poto ali kumbuyo kwake, n'kumufunsa kuti, "Achimwene, tandiuzani, nyamayi ikuwira kapena ikukazingika?" Masiku oyamba amafuna kucheuka. Ndimamuletsa. M'khitchini yotanganidwa maso amakhala pa zinthu zinayi nthawi imodzi, ndiye khutu liyenera kukhala mlonda wa poto amene uli naye kumbuyo. Tsiku limene wayankha molondola asanacheuke, ndimadziwa kuti ndingamusiyire ragù.

Nkhoko ija ikakwanira, ndimathira vinyo, wofiira kapena woyera. Vinyo amainyowetsa, ndipo ine ndimaipala ndi mthiko mpaka yonse itasungunuka n'kubwerera mu nyama. Kenako ndimadikiranso kuti nayenso aphwe. Ndimaweramira pa poto n'kununkhiza: mphuno ikamaluma ndiye kuti mowa udakalimo. Ukachoka pamatsala kafungo kowawasa pang'ono, kokoma. Kunyumba, ndikamaphikira abale amene sadya nkhumba kapena safuna vinyo m'chakudya, m'malo mwa pancetta ndimasungunula mafuta a ng'ombe, ndipo nkhoko ndimaipala ndi msuzi wa mafupa. Ndimawauza poyera kuti si wa ku Bologna ndendende, koma njira yake ndi yomweyo, ndipo kukoma kwake sikuchititsa manyazi.

Apa ndiye ntchito imatembenuka. Madzi onse osafunika achoka, zotsala m'poto ndi zokoma zokhazokha zothinana. Ndimathira tomato wokandapala uja n'kumutakasa m'mafuta kamphindi kuti fungo lake laliwisi lithe, kenako tomato wosefa, kenako chikho chimodzi cha msuzi wa mafupa wotentha. Ndimatsitsa moto mpaka pansi penipeni, chivundikiro n'kuchisiya chotsekula pang'ono. Msuzi usabwate. Ndimafuna kathovu kamodzi katuluke apa, kena patapita kanthawi katuluke apo. Ukabwata mwamphamvu, minofu imakungika n'kufinya madzi ake, nyama n'kuuma ili m'kati mwa msuzi. Ukamayenda pang'onopang'ono, kolajeni amapeza mpata wosungunuka. Maola awiri ndiwo ochepetsetsa. Atatu ndi abwino koposa. M'kati mwa nthawiyi ndimabwerako kawirikawiri, kutakasa, kupala pansi, ndipo ndikaona kuti waphwera ndimawonjezera msuzi wa mafupa, chikho chimodzi basi, wotentha nthawi zonse. Kuthira madzi ambiri kamodzi n'kuchokapo kumapangitsa nyama kuwira ngati ya supu, kukoma kwake n'kumwazika.

Pakati pa ulendowu ndimathira mkaka, pang'onopang'ono, n'kuulola ulowerere. Ambiri amadabwa kumva za mkaka mu nyama. Ntchito yake ndi kuziziritsa kuwawasa kwa tomato ndi vinyo, ndi kupatsa msuzi kusalala. Emilia-Romagna ndi dera la ng'ombe za mkaka, kwawo kwa batala ndi tchizi, choncho n'zosadabwitsa kuti mkaka unapeza malo m'poto wawo. Mchere ndimausunga mpaka kumapeto. Msuzi umene ukuphwera kwa maola atatu umachulukitsa mchere uliwonse umene unathiridwa poyamba, ndipo ukapitirira palibe chouchotsera.

Ragù akapsa amadzionetsa yekha. Mtundu wake sukhala wofiira ngati tomato, umakhala wofiirira mopita ku lalanje wakuda. Mafuta amakwera pamwamba n'kumanyezimira m'mbali mwa poto. Ndikadutsitsa mthiko pansi, kanjira kamatsala kamphindi kasanatsekeke. Ndikalawa, nyama imaphwanyika ndi lilime koma imamvekabe kuti ndi nyama, ndipo sindingathenso kuloza kuti uyu ndi karoti, uyu ndi anyezi. Zonse zasanduka chinthu chimodzi.

Msuziwu uli ndi mnzake amene umayendera naye limodzi, ndiye tagliatelle, pasta wa mazira wodulidwa ngati timalamba. Muyeso wa ku Emilia ndi dzira limodzi pa magalamu 100 a ufa wa tirigu. Ku Bologna kuli amayi otchedwa sfogline, amene ntchito yawo ndi kupyapyalitsa mtanda ndi ndodo yaitali pa thabwa, mpaka utapyapyala moti kuwala kumadutsa. Mu 1972 muyeso wa m'lifupi mwa tagliatelle nawonso unasungitsidwa ku ofesi yomwe ija: mamilimita 8 akapsa, ndipo anapanga kachitsanzo kake ka golide. Chifukwa chake pasta ameneyu amayenerana ndi ragù n'chooneka ndi maso. Ndodo ya mtengo ija ikakhudzana ndi mtanda imausiya wokhakhala, ndipo nyama imakakamira pamenepo. Spaghetti ndi woterera komanso wozungulira, nyama imatsetsereka n'kutsala pansi pa mbale. Makasitomala ambiri kuno amafunsabe spaghetti bolognese, ndipo ndimawapatsa ndi mtima wonse, koma amene wandifunsa maganizo ndimamuuza kuti ayese tagliatelle. Msuzi womwewu ndi umene umalowa mu lasagne wa ku Bologna, pakati pa mapepala a pasta wobiriwira wa sipinachi ndi msuzi woyera wa mkaka, batala ndi ufa. Kumwera, ku Napoli, ragù wawo ndi wina: nyama imalowa m'poto nthuli zikuluzikulu, tomato amakhala wambiri, ndipo msuzi umadyedwa ndi pasta pamene nyamayo imabwera payokha pambuyo pake.

Pomaliza penipeni pali kanthu kamene ambiri amakaphonya. Pasta sindimuika m'mbale n'kumuthira msuzi pamwamba. Ndimamuvuula m'madzi a mchere atatsala pang'ono kupsa, n'kumuponya m'chiwaya mmene muli ragù wotentha, n'kuthirako supuni ziwiri kapena zitatu za madzi amene anaphikiramo. Madzi amenewa ali ndi sitachi, ndipo akakumana ndi mafuta a msuzi amawagwirizanitsa, kalamba kalikonse n'kuvala msuzi kuyambira uku mpaka uko. Awa ndiwo madzi otsiriza kubwezera. Pamwamba ndimaperesa tchizi cha Parmigiano Reggiano, chimene sichitchedwa dzinali chisanakhwime miyezi 12.

Ragù amakoma kwambiri akagona. N'chifukwa chake m'khitchini timaphika lero wa mawa. Koma kugoneka chakudya cha nyama kumafuna chisamaliro. Sindisiya poto wamkulu kuti azizire yekha usiku wonse, chifukwa pakati pake pamakhalabe pofunda nthawi yaitali, ndipo tizilombo toyambitsa matenda timaswana pamalo otero. Ndimaugawa m'mathireyi osaya kuti uzizire msanga, n'kuulowetsa mu firiji, ndipo pasanathe masiku atatu uyenera kudyedwa kapena kuumitsidwa.

Amene amaphikira pa mbaula asaganize kuti msuziwu si wawo. Ragù anabadwa magetsi ndi gasi zisanalowe m'makhitchini. Makala oyaka bwino akazingireni nyama, kenako achepetseni, otsalawo muwakwirire ndi phulusa pang'ono, ndipo mudzapeza moto wofatsa umene msuziwu umafuna. Selari akasowa, anyezi ndi karoti azigwira ntchitoyo. Chimene sichingalowedwe m'malo ndi kudikira kuti nyama ikazingike, ndi maola awiri aja a moto wochepa.

Ndimaikonda ntchitoyi chifukwa ndi yachilungamo. Imatenga nyama yolimba, yotsika mtengo, imene ena amaidutsa pa butchala, n'kuisandutsa chakudya choti nyama yongopitirira theka la kilogalamu ikhutitse banja lonse. Ndaonapo ophika akuthira shuga kuti abise tomato wosapsa, ena ufa kuti msuzi wa mphindi makumi awiri uoneke wokandapala. Wodya mwina sanganene chimene chasowa, koma lilime lake limadziwa. Ine ndinasankha kuti munthu akakhala pa tebulo n'kulipira ndalama imene waikhetsera thukuta, alandire msuzi umene wapatsidwa nthawi yake yonse. Ndipo mnyamata aliyense amene amadutsa m'manja mwanga ndimafuna achoke akudziwa kuchita chimodzimodzi, kaya akaphikira alendo mu lesitilanti, kaya ana ake kunyumba.