Kuyabwa Kosamva Zikhadabo

Kwa chaka chathunthu ndinkakhala pa benchi ya kumbuyo, dzanja lili m'kati mwa duku. Mutu unkandiyabwa mbali imodzi yokha, kuchokera kunkhongo kufikira paliwombo, usana ndi usiku. Ena ankanong'ona za nsabwe. Anzanga a ku Moatize ankati ndi fumbi la malasha, pamene achibale kwathu ku Zóbuè ankati alipo wondichitira zoipa. Ndinameta mpala, ndinasintha sopo, ndinadzola mafuta a nsatsi, koma osaphula kanthu. M'mawa wina ndinapeza magazi pa pilo: ndinali nditadzikanda mpaka kuchita bala, osamva kuwawa.

Balalo ndi limene linandifikitsa kuchipatala china mumzinda wa Tete. Dokotala anandifunsa kuti, "Amayi, munatulukapo matuza pamalo amenewa?" Ndinakumbukira mashingozi amene ndinadwala chaka chapitacho, amene ndinawabisa chifukwa cha manyazi.

Anandifotokozera kuti kachirombo ka katsabola sikachoka m'thupi. Kamabisala m'mitsempha yotumiza mauthenga ku ubongo, ndipo kamadzuka thupi likafooka ndi ukalamba kapena matenda. Matuza amapola, koma mtsempha wovulalawo ungapitirize kunamiza ubongo kuti khungu likuyabwa. N'chifukwa chake zikhadabo sizinkathandiza: vuto silinali pakhungu.

Anandipatsa amitriptyline womwa pogona. Ataona kuti sakukwanira, anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi kumbuyo kwa mutu, pafupi ndi mtsempha umene umakwera kuchokera kukhosi. Sanandinamize. Anati mpumulo wake ungakhale wa milungu chabe, ndipo si onse amene amathandizika. Koma usiku umenewo ndinagona mpaka tambala woyamba. Kuyabwako kumabwerabe nthawi zina, koma tsopano ndimaika kansalu konyowa m'malo mokanda.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mankhwala a mashingozi, monga acyclovir, amagwira bwino akayambidwa m'maola 72 matuza atatuluka. Ine maola amenewo ndinawathera m'nyumba, kuopa pakamwa pa anthu. Mashingozi amagwira amene ali ndi HIV ndi amene alibe omwe. Kuyezetsa ndiko kumachotsa chikayiko, osati miseche.

Choncho mukaona matuza oyaka ngati moto mbali imodzi ya thupi, fulumirani kuchipatala. Ndipo mukaona mnzanu akudzikanda pa benchi ya kumbuyo, musasunthe. Khalani naye pafupi, mumufunse.