Chidindo Chofiira

Ndinayamba ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi ya zaumoyo mumzinda wa Blantyre ndili kalaliki wamba. Ntchito yanga inali younika mapepala a ngongole ochokera kuzipatala. Patebulo langa panali zidindo ziwiri: chobiriwira chovomera kulipira, ndi chofiira chokana.

Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mankhwala inakwera koopsa. Akuluakulu anatiuza kuti tiumitse dzanja. Okana mapepala ambiri ndiwo ankayamikiridwa pamisonkhano, ndipo ine mtima unali pa kukwezedwa.

Tsiku lina ndinadinda chofiira pa pepala la agogo ena odwala shuga, chifukwa adokotala anaiwala kulembapo tsiku. Mayi amene ankatiyang'anira anandiitanira mu ofesi mwawo.

"Achimwene, kodi munawaimbirako foni adokotalawo?"

Ndinangoti kakasi. Iwo anaimba okha, ine ndili chiimire, ndipo pasanathe mphindi zitatu tsikulo linapezeka. Sanandikalipire. Anangondibwezera pepalalo pamodzi ndi chidindo chobiriwira.

Mayiwo atapuma pantchito, mpando wawo anandipatsa ine. Kalaliki watsopano akafika, ndimayamba ndamupatsa mndandanda wa manambala a zipatala, chidindo chofiira pambuyo. Agogo aja sindinawaonepo nkhope, koma dzina lawo ndikulikumbukira mpaka lero.