Bola ya pa fumbi: Sondo imodzi ku Kanyama

Ngati Sondo yanu imathela pa mpando na foni m'manja, kuyembekeza kuti Arsenal ikudwalitseni mtima, sabata ino yesani vina. Valani nsapato zimene simuzimvela chifundo, kwelani basi ya ku Kanyama, mulowe na Los Angeles Road. Dzina la msewu lisakunamizeni, kulibe Hollywood uku. Kuli mawilibala a malasha, tuntemba twa mobile money, mawelda amene asebenza chabe pamene malaiti abwela, na fumbi la October limene lilowa mpaka m'mano.

Mukaseluka, musafunse kuti stadium ili kuti, azakusekani. Funsani kuti anyamata ateyela kuti bola. Mwana aliyense azakusonyezani, ndipo awili kapena atatu azakupelekezani mpaka mufike, osapempha kanthu.

Ine nchito yanga muidziwa, ni ya ma show na oimba. Ku bola ananikoka mnzanga amene anakulila komweko. Anati timu ya kwao siinaluze pa ground yao kuchokela nthawi ya mphepo, koma ikayenda kwina imenyedwa monga ng'oma. Ndinafuna kuona kuti timu imodzi ingakhale bwanji na nkhope ziwili.

Ground yake ilibe udzu ngakhale umodzi. Kanyama inakhala pa mwala, ndipo apa mwala uja uonekela, uku kasonga, uko kasonga, ndiye wogwa pansi sauka wopanda chilonda. Mizele alemba na phulusa. Magoli ni mapaipi owotchelela amene abwela nawo pa mapewa, chifukwa akagona panja usiku umodzi, mailo muzawapeza kwa ogula zitsulo. Neti ili ku goli imodzi chabe. Ku goli inayo bola ikapita pafupi na paipi, mkangano wake utenga maminiti asanu. Pakati pa ground papita njila ya anthu, ndipo amai ochoka ku tchalitchi sadziwa kuti kuli chinthu chochedwa offside. Apita bwinobwino na mayunifomu ao, refa aimitsa masewela, aliyense alindila. Kona imodzi inadyedwa kale na chipupa cha nyumba yatsopano. Woponya kona kumbali ija alibe kothamangila, amenya bola ataimilila monga apanda galu.

Dzina la timu sindizakuuzani. Ba kochi, mudala wa imvi zoyamba amene masana akonza mafiliji, ananipempha kuti nisalembe. Chifukwa chake muzachimva kutsogolo. Dziwani chabe kuti avala majezi a ku salaula, onse ofiila koma kufiila kwake kosiyana, ndipo pali ma namba 7 awili.

Masewela anafunika kuyamba ma 15 hours. Ma 15 atakwana, anyamata ofiila anali asanu na atatu. Apa ndiye mungamvetse timu iyi, pa nthawi yolindila, osati pa nthawi yoteya. Ba kochi sasankha timu pa pepala. Aimilila na foni, ayang'ana ku njila, wamene waonekela ndiye walowa.

Straika akankha wilibala ku Soweto Market, ndipo katundu akachuluka sangausiye. Wa kumbuyo, uja wamtali amene mipila yonse ya m'mwamba ni yake, ni alonda, anagona pa geti ya anthu usiku wonse. Mnyamata wa kuphiko, wothamanga kupambana onse, ali mu Grade 12, ndipo amake anakamba kuti mpaka mayeso asile, bola aione chabe pa TV. Goli kipa ni kondakita wa basi. Sondo kwa iye ni tsiku la nchito monga lina lililonse, afunika kupapata kwa dilaiva kuti amusiye maola awili.

Pa ground ya kwao zonsezi zitheka. Munthu athawako pang'ono ku nchito, ateya, abwelela. Koma masewela akakhala ku Matero kapena ku Chawama, tsiku lonse lapita. Afunika kusonkha K20 aliyense ya Canter, ndipo amene alibe atsala. Mnzanga anati ulendo wathawu anayenda khumi na mmodzi ndendende, wina anapweteka bondo, anatsiliza masewela ali khumi. Ndiye zigoli zimene amwa kunja sizichoka ku miyendo, zichoka m'thumba.

Pambali pa ground pali bungwe la madala amene akhala pa mabuloko na Chibuku yao, ndipo chigamulo chao n'chimodzi: ana a masiku ano sali siliyasi. Akumbutsa za kudala, za Kalusha, za anyamata a 1993 amene anagona pa Heroes Acre, ati aja anali kufela mbendela. Ine sindivomela zonse. Munthu amene wasiya K50 ya pisiweki kuti akagwe pa miyala mahala, uku kunyumba alindila ka pamela ka unga, simungamuuze kuti alibe mtima.

Koma madala sananame kotheratu. Ku trening'i ya m'mawa, ba kochi akamba kuti nthawi zambili apezeka na anthu osakwana kugawa matimu awili. Ena Chiwelu usiku ali ku bawa mpaka tambala, ndipo ine amene ndilemba za mabawa ndinazindikila nkhope ziwili. Ena foni siichoka m'manja, kubetcha matimu a ku England mpaka ndalama ya Canter yapita. Ndipo pali namba 10, mwana wa mwendo wamanzele wokoma kwambili, amene ateyela aliyense womupatsa kanthu. Lelo ali kuno, Sondo yamawa muzamuona mu jezi ya timu ina ku komboni ina. Palibe pepala limene anasaina, ndiye muzamugwila na chani?

Masewela anayamba ma 16 atapita. Pa goli panaima mnyamata wa pa benchi wopanda magolovesi, ndipo alendo sanachedwe kumulonjela: bola ya patali, yosalimba, inadumpha pa kamwala n'kumupita pakati pa miyendo. Anthu anaseka mpaka amai a vitumbuwa anakhala pansi. Hafu isanasile, tinaona munthu athamanga kuchoka ku msewu, avula shati ali m'njila. Kipa. Analowa na makoini akulila m'thumba la kabudula.

Kuchoka apo timu inasintha. Alonda uja, maso ofiila na tulo, anayamba kukuwa na kukonza anzake. Namba 10 anatenga bola pakati, anapita awili, anapatsa straika, goli. Fumbi limene linauka apo silinali la mphepo, ana onse a chimpombwa analowa mu ground, refa anachita kuwathamangitsa na kamtengo. Yachiwili inabwela pa kona ija ya chipupa, alonda anaimenya na mutu, ndipo mwamwayi inali ku goli ya neti, panalibe wokana. 2-1.

Chimene sindizaiwala si zigoli. Ba kochi atafuna kusintha munthu, wolowa anayamba walindila kuti wotuluka avule majombo. Anawavala akali otentha, aakulu kwa iye, anamanga zingwe kuzungulila kapolo wa phazi kawili, n'kulowa. Timu yonse ili na chilimba cha majombo: mwezi uliwonse asonkha, mmodzi ayenda ku salaula. Pofika wothela, a woyamba anang'ambika kale.

Manje funso limene aliyense afunsa: timu iyi izafika kuti? Ba kochi afuna kuilembetsa ku FAZ kuti ilowe mu ligi ya pansi, anyamata akhale na makadi. Ndiye chifukwa chobisila dzina chija. Pali pano, munthu wa timu yaikulu angabwele Sondo imodzi, aime pambali na magalasi akuda, atenge namba 10, osasiya ngakhale bola imodzi. Pa malamulo a FIFA, wosewela akagulitsidwa kuchoka dziko lina kuyenda lina, 5 peresenti ya mtengo igawidwa ku matimu amene anamulela kuyambila zaka 12 mpaka 23. Koma ndalama ija itsata pepala. Timu imene siinalembetse mwana, ngakhale inamuphunzitsa kumenya bola na kumugulila mafiriziti zaka zisanu, kulibe chake. Patson Daka anachoka ku Kafue Celtic, anayenda ku Salzburg, mu 2021 anafika ku Leicester City, ndipo aliyense adziwa kumene anachokela chifukwa zinalembedwa.

Kulembetsa nakonso si kusaina chabe. Pafunika ndalama yolowela, ya marefa, na transipoti sabata na sabata, osati pamene thumba lalola. Ligi siimva kuti kipa ali pa basi. Mukalephela kufika, mapointi apita. Pamwamba pa izo pali mvula. Imwe a ku Kanyama mudziwa, madzi kuno salowa pansi, mwala uwakana. Kuyambila December ground iyi ikhala damu, achule ndiye ateya, ndipo nthawi zina madzi aja abwela na kolera. Mu January 2024 ngakhale Heroes Stadium inasanduka chipatala. Timu ya mu ligi ifunika poteyela miyezi yonse ya mvula, ndiye kuti kubweleka ground ya sukulu kwina, ndiye kuti ndalama inanso. Ine kuona kwanga, miyendo yokwela nayo ilipo. Chimene kulibe ni munthu mmodzi wa hardware kapena wa butchala amene anganene kuti Canter ya chaka chino ni yanga.

Kumbuyo kwa goli yopanda neti, tuatsikana tunali kuteya chimpombwa chao, ndipo wina wovala siketi ya sukulu anali kukuwa kuti iye ni Barbra Banda, asamugwile. Ba kochi anamuyang'ana nthawi yaitali kupambana mmene anayang'anila namba 10.

Mukabwela, bwelani na ndalama yaing'ono. Polowela salipilitsa, koma masewela akasila chisote chizungulila, cha refa na madzi. Gulani vitumbuwa kwa amai aja, ndiwo achapa majezi. Musaimike motoka kumbuyo kwa goli. Ndipo musachedwe, kwatsala ma Sondo ochepa mitambo isanayambe kuda.

Pamene ndinali kuchoka, kipa anali atathamanga kale ku msewu, shati m'manja, foni pa khutu, kupapata kwa dilaiva. Anyamata anayi ananyamula goli imodzi pa mapewa, anayi ena inzake, n'kulowa nazo m'kanjila kopita kwa ba kochi, alonda ali patsogolo chifukwa ma 18 afunika kukhala pa geti.